DLAS: nkhokwe yaulere ya zikalata zogulitsira ndi kubwereketsa akapolo, ndi zomwe simupezamo

Ophunzira a History ku Mzuni ndi ku Unilia, ngakhalenso aphunzitsi a m'masekondale a muno mu Mzuzu, akafuna zikalata zenizeni za ukapolo amathamangira ku SlaveVoyages chifukwa ndiyo yotchuka. Koma imeneyo ndi nkhokwe ya zombo: chombo chinanyamuka kuti, chinapakira anthu angati, anafika amoyo angati. Munthu akangotsika padoko, nkhani yake imathera pomwepo. Zomwe zinkamuchitikira zaka zotsatira, kugulitsidwa, kuikidwa chikole pa ngongole, kugawidwa pamodzi ndi chuma cha masiye, kubwereketsedwa kwa munthu wina chaka ndi chaka, zinalembedwa m'mapepala a makhoti ndi a maofesi osunga zikalata za katundu. Malo aulere omwe asonkhanitsa mapepala oterewa ndi Digital Library on American Slavery, mwachidule DLAS, ya University of North Carolina at Greensboro, pa dlas.uncg.edu.

Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe. Ngati mukufuna kuphunzira kuwerenga chikalata cha malonda a munthu, kudziwa mawu ake ndi misampha yake, DLAS ndi sukulu yabwino ndipo siilipiritsa. Palibe kulembetsa, palibe zofuna khadi ya kubanki. Ngati mukufuna kulondola anthu amene anatengedwa ku Nkhotakota kapena ku Karonga, mungotha bandulo pachabe, chifukwa ambiri mwa anthu athu sanadzere njira ya ku America. Ndipo pa nkhani ziwirizi, kugulitsa ndi kubwereketsa, nkhokweyi ndi yamphamvu pa yoyambayo. Yachiwiriyo muyenera kuisaka mozungulira.

Zomwe zili m'katimo

Tsinde la DLAS ndi ntchito yomwe katswiri wa mbiri yakale Loren Schweninger anayamba mu 1991. Iye anayendera nyumba zosungira zikalata ndi makhoti a m'zigawo 15 za kummwera kwa America pamodzi ndi District of Columbia, n'kumajambula madandaulo okhudza akapolo omwe anaperekedwa pakati pa 1775 ndi 1867. Opita ku nyumba za malamulo ndi pafupifupi 3,000, opita ku makhoti a maboma aang'ono otchedwa county ndi oposa 14,000. Anthu otchulidwa mayina alimo pafupifupi 150,000, ndipo mwa iwo akapolo ndi pafupifupi 80,000. Kufunika kwa mayinawa mungakumvetse mukadziwa kuti kalembera wa boma la America wa 1850 ndi wa 1860 ankalemba dzina la mwini yekha. Kapolo ankangolembedwa zaka, khungu, ndi kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi, basi.

Wodandaula m'mapepalawa kawirikawiri si kapoloyo ayi. Ndi mayi wamasiye wopempha khoti limulole kugulitsa munthu mmodzi kuti abweze ngongole za malemu. Ndi ana olimbirana chuma cha bambo awo. Ndi wogula wonena kuti anamugulitsa munthu wodwala mwachinyengo. Apo ndi apo mupeza kapolo kapena mfulu wakuda akudzidandaulira yekha kuti akusungidwa mu ukapolo mosatsata lamulo, koma otere ndi ochepa.

Pambali pa madandaulowa pali gawo lotchedwa People Not Property, lomwe lili ndi zithunzi za zikalata zogulitsira ndi kuperekera anthu, makamaka za m'maboma a North Carolina. Palinso zidziwitso zoposa 5,000 za m'manyuzipepala a North Carolina zofunafuna akapolo othawa, zomwe zili ndi chithunzi cha nyuzi komanso mawu ake otayipidwa. Magawo awiriwa ndi amene amakuonetsani pepala lenilenilo.

Dandaulo lililonse lili ndi nambala ya manambala 8 yotchedwa PAR (Petition Analysis Record), ndipo mukaidziwa kawerengedwe kake mupulumutsa nthawi. Nambala yoyamba ikakhala 1 ndiye kuti dandaulo linapita ku nyumba ya malamulo, ikakhala 2 linapita ku khoti la county. Ziwiri zotsatira ndi chigawo, motsata alifabeti: 01 ndi Alabama, 08 Louisiana, 12 North Carolina, 13 South Carolina, 16 Virginia. Zitatu zotsatira ndi chaka chopanda 1 woyambirira, ndipo ziwiri zomaliza ndi mndandanda wa chaka chimenecho. Choncho nambala yoyamba ndi 216843 ikukuuzani kale kuti ndi khoti la ku Virginia, 1843, musanatsegule n'komwe. Polemba nkhani ya kusukulu, tchulani PAR nthawi zonse. Maadiresi a pa intaneti amasintha, nambalayi siisintha.

Kuwerenga chikalata cha malonda

Chikalata chogulitsira munthu, bill of sale, n'chachifupi, nthawi zina mizere khumi yokha. Chimatchula wogulitsa, wogula, ndalama, dzina limodzi la wogulitsidwayo ndi zaka zake zongoyerekeza. Kenako pamabwera lonjezo la wogulitsa loti munthuyo ndi wabwinobwino m'thupi ndi m'mutu, kuti ndi kapolo moyo wake wonse, komanso kuti palibe wina adzabwere kudzanena kuti ndi wake. Lonjezo limeneli ndi lomwe linkabala milandu. Ku Louisiana lamulo linkalola wogula kubweza munthu ndi kulandiranso ndalama zake ngati apeza matenda kapena khalidwe lomwe linabisidwa, n'chifukwa chake madandaulo a kumeneko ali ndi maumboni ambiri a madokotala.

Ophunzira ambiri amapunthwa pa tsiku. Pachikalata pamakhala masiku awiri: lomwe anasainirana, ndi lomwe chinakalowetsedwa m'buku la ku ofesi. Pakati pake pamatha kudutsa miyezi, nthawi zina zaka, makamaka ngati wina anakachilembetsa pokhapokha mkangano utabuka. Tsiku la malonda ndi loyambalo. Dziwaninso kuti zomwe mukuona m'bukumo si pepala lomwe anasainirana, koma zomwe kalaliki anakopera pamanja. N'chifukwa chake siginecha zonse zimaoneka za dzanja limodzi, ndipo dzina la kapolo limatha kusintha kalembedwe pakati pa mzere wachitatu ndi wachisanu ndi chiwiri.

Msampha waukulu ndi woti si chikalata chilichonse chomwe ndi malonda. Mukaona mawu akuti "love and affection" ndi mtengo wa dola imodzi, imeneyo ndi mphatso, kawirikawiri bambo akupereka munthu kwa mwana wake wamkazi amene akukwatiwa. Mukaona "deed of trust" kapena "mortgage", munthuyo waikidwa chikole. Mwina sanachoke n'komwe pakhomo, ndipo ndalama yolembedwayo ndi ngongole, osati mtengo wake. Amagulitsidwa pokhapokha ngongole ikalephereka, ndipo zikatero pamatuluka chikalata china cha sherifi kapena cha wosunga chikoleyo. Wophunzira akaponya zonsezi mu Excel n'kuwerengera mtengo wapakati, zotsatira zake zimakhala zabodza ngakhale nambala iliyonse anaikopera molondola.

Mawu atatu akuti "and her increase" musawadumphe. Akutanthauza kuti wogula wagula mayiyo pamodzi ndi ana onse amene adzabereke m'tsogolo. Kuyambira ndi lamulo la ku Virginia la 1662, mwana ankatsata mayi: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, bambo akhale ndani. Milandu yambiri ya chuma cha masiye mu DLAS yagona pa mawu amenewa, chifukwa mtsikana mmodzi wotchulidwa mu wilo ya agogo amakhala atasanduka banja la anthu khumi pomwe adzukulu akukangana.

Za ndalama, samalani ziwiri. Mayi ndi mwana wakhanda kawirikawiri ankalembedwa mtengo umodzi, ndiye musaugawe pawiri. Ndipo m'zikalata zakale za zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa 1800 mupeza mapaundi, omwe si a ku London koma a chigawocho. Ku Virginia masheleni 6 ankakwana dola imodzi, kutanthauza kuti paundi inali madola 3 ndi masenti 33. Zigawo zina zinali ndi kasinthidwe kawo.

Kubwereketsa, komwe nkhokweyi imaonetsa mbali imodzi

Apa ndi pomwe pakufunika kukhazikika, chifukwa mabuku a kusekondale sanena zambiri. Mwini kapolo sankafunika kukhala ndi munda kuti apindule. Ankatha kumupereka kwa munthu wina kwa chaka, n'kumalandira ndalama. Ku Virginia, North Carolina ndi zigawo zoyandikana nazo, tsiku lake linali 1 Januwale, nthawi zambiri pabwalo la khoti, ndipo mgwirizano unkatha pa Khirisimasi. Sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano munthu ankabwerera kwa mwini wake, osadziwa kuti chaka chamawa akagwera kuti, ndiponso ngati mkazi wake ndi ana akhale pafupi. Akapolo ena ankalitcha tsiku losweka mtima.

Wobwereka ankasainira kapepala kolonjeza kulipira ndalama yakutiyakuti kumapeto kwa chaka, ndipo pankakhala munthu wachiwiri womuimira ngati alephera. Kapepalako kankatchulanso zovala: za nyengo yotentha, za nyengo yozizira, nsapato, chipewa ndi bulangete. Eni ena ankaonjezera kuti munthuyo asakagwire ntchito m'migodi, pamadzi, panjanji kapena kunja kwa county, osati chifukwa cha chifundo koma poteteza chuma chawo. Ndalama ya pachaka inkasinthasintha ndi mtengo wa munthuyo pamsika, ndipo kawirikawiri inkakhala pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse ya mtengowo. Obwereka anali alimi ang'onoang'ono osakwanitsa kugula, mafakitale a fodya a ku Richmond, fakitale ya zitsulo ya Tredegar mumzinda womwewo, makampani a njanji ndi ngalande, migodi ya malasha, ndi ophika mchere ku Kanawha. Ngakhale boma lenilenilo linabwereka akapolo pomanga White House ndi Capitol (nyumba ya malamulo) m'zaka za m'ma 1790, ndalama n'kumapita kwa eni awo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza owerenga atsopano m'maakaunti a chuma cha masiye. Mupeza mayi wa ana aang'ono atatu kapena nkhalamba atalembedwa kuti anapita kwa "lowest bidder", wotchula ndalama yochepa kuposa onse. Si kulakwitsa kwa kalaliki. Anthu otere ankaonedwa kuti adya zambiri kuposa ntchito yomwe agwire, ndiye mwini ndi amene ankalipira wowasunga, ndipo ankapatsa amene wavomera ndalama yochepetsetsa. Mu Excel yanu nambala imeneyi ndi yotuluka, osati yolowa.

Tsono vuto la DLAS lili apa. Chikalata cha malonda chinkakalembetsedwa ku ofesi, n'chifukwa chake chinasungika. Kapepala kobwerekera kanali ka anthu awiri. Ngongole ikalipidwa, kankabwezedwa kwa wolipirayo kapena kung'ambidwa. Kamafika ku khoti pokhapokha zinthu zikavuta: munthu wamwalira pakati pa chaka, wavulala, wathawa, kapena wobwereka wakana kulipira. Njira ina yomwe nkhaniyi imalowera m'mapepala a khoti ndi ya ana amasiye, chifukwa wowayang'anira ankayenera kupereka lipoti la ndalama zomwe akapolo a anawo abweretsa. Choncho chomwe mukuona mu DLAS si kubwereketsa konse, koma kubwereketsa komwe kunathera pa mkangano kapena komwe kunadzera pa maliro. Amene angawerenge madandaulowa n'kunena kuti "mwa obwerekedwa khumi, angapo ankafa" walakwa masamu kuyambira pachiyambi, chifukwa ambiri mwa omwe anamaliza chaka popanda mlandu mulibemo.

Komabe milandu imeneyi ndi yomwe imaphunzitsa mmene dongosololi linkayendera. Funso lomwe limabwerabwera ndi loti atayike ndani. Ku Virginia makhoti ankagamula kuti munthu akamwalira pakati pa chaka, wobwereka alipire miyezi yokhayo yomwe anagwira ntchito, koma akadwala kapena kuthawa alipire chaka chonse. Zigawo zina zinkagamula mosiyana, ndiye musatenge lamulo la chigawo chimodzi n'kulivalika china. Taganizirani zomwe lamulo lotereli linkatanthauza kwa wodwalayo: wobwereka alibe chifukwa chomupumitsira, poti akulipirabe, ndipo thanzi lake la zaka za m'tsogolo ndi nkhawa ya mwini, osati yake.

Mlandu umene aliyense wowerenga za nkhaniyi ayenera kuudziwa ndi wa State v. Mann wa ku North Carolina mu 1829. John Mann anabwereka mayi wotchedwa Lydia, kapolo wa Elizabeth Jones. Lydia atathawa chikwapu, Mann anamuwombera n'kumuvulaza. Khoti laling'ono ku Chowan County linamupeza wolakwa, koma khoti lalikulu, kudzera mwa woweruza Thomas Ruffin, linathetsa chigamulocho ponena kuti wobwereka ali ndi mphamvu zonse za mbuye pa nthawi yomwe wabwerekayo, ndipo mphamvuzo ziyenera kukhala zopanda malire. Mwini akanatha kusumira Mann kuti amulipire chuma chake chowonongeka, koma boma silikanamulanga chifukwa chovulaza Lydia. Uwu ndi mlandu wa apilo womwe umapezeka m'mabuku a zigamulo, koma ukakhala m'mutu mwanu madandaulo a mu DLAS amamveka bwino: mwini akamadandaula kuti munthu wake wamenyedwa, akulira ndalama.

Panalinso kudzibwereka wekha. Kapolo waluso ankagwirizana ndi mbuye wake kuti azidzifunira yekha ganyu, azidzidyetsa, azidzipezera pogona, koma sabata iliyonse azipereka ndalama yokhazikika. Frederick Douglass anachita zimenezi ku Baltimore mu 1838, akugwira ntchito yomata zombo, ndipo ankapereka madola 3 pa sabata kwa Hugh Auld, ntchito ipezeke kapena isapezeke. Ife a ku Mzuzu dongosolo lotere timalidziwa pa njinga za sakaramento: wopalasa amapereka ya mwini njinga tsiku lililonse, zotsala n'zake, kukagwa mvula zake zimenezo. Kusiyana kwake n'koti pano chomwe munthu ankalipirira lendi ndi thupi lake lomwe. Malamulo a zigawo zambiri ankaletsa mchitidwewu, koma unkapitirirabe, ndipo mu DLAS muli madandaulo a amisiri achizungu opempha nyumba za malamulo kuti ziuthetse chifukwa akapolo akuwalanda ntchito pa mtengo wotsika. Madandaulo amenewa, a PAR yoyamba ndi 1, ndi ena mwa abwino kwambiri m'nkhokwe yonseyi. Ku Charleston, kuyambira 1800 mpaka 1865, kapolo wobwereketsedwa mumzinda ankavala kachitsulo ka kopa kolembedwa chaka, nambala ndi ntchito yake, komwe mwini ankagula ku khonsolo chaka chilichonse.

Kasakidwe kake, ndi pomwe pamavuta

Zonse zili m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha makhoti a zaka 200 zapitazo. Yambani ndi chigawo chimodzi ndi zaka khumi zokha, apo ayi zotsatira zikumizani. Pa kubwereketsa, yesani mawu amodziamodzi: "hire", "hired out", "hires", kenako "guardian" ndi "administrator", chifukwa nkhani zambiri zabisala m'milandu ya chuma cha masiye. Pa malonda yesani "sold", "warranty", "unsound" ndi "sheriff". Dandaulo lililonse limakupatsani chidule cha nkhani, mayina a anthu ndi mbali yomwe aliyense anatenga, zomwe khoti linagamula ngati zinalembedwa, ndi nyumba yomwe pepala lenileni likusungidwa. Ambiri alembedwa kuti chigamulo sichinapezeke. Musaganize kuti zikutanthauza kuti anakanidwa.

Kusaka ndi dzina la kapolo kokha sikuthandiza. A Mary ndi a Tom alipo mazanamazana. Gwirani dzina la mwini ndi county, kenako tsatani banja la mwiniyo: wilo, kugawa chuma, maukwati a ana aakazi, chifukwa munthu ankasamuka ndi mwana wamkazi n'kukapezeka pansi pa dzina la mkamwini. Mayina ofupikitsa nawonso amasocheretsa. Polly ndi Mary, Peggy ndi Margaret, Sukey ndi Susan. Cuffee ndi Cudjo ndi mayina a masiku a anthu a Akan a ku Ghana, ndipo amalembedwa m'njira zosiyanasiyana. M'zolemba zakale chilembo s chachitali chimaoneka ngati f, ndipo "do." ndi chidule chotanthauza kuti chimodzimodzi ndi mzere wapamwamba. Ndipo munthu wobwerekedwa akathawa, chidziwitso cha m'nyuzi nthawi zambiri chinkaikidwa ndi wobwereka, osati mwini. Werengani mpaka pansi, dzina la mwini ndi komwe kuli mkazi wa wothawayo zimabwera kumapeto.

Chomwe chimatikhumudwitsa kwambiri ndi chakuti pa madandaulo mumawerenga chidule cholembedwa ndi ofufuza a masiku ano, osati mawu a pepalalo. Zithunzi zake zonse zinatuluka pa mayikirofilimu ndi mu ProQuest History Vault, yomwe ndi yolipira ndipo amagula ndi malaibulale. Chidulecho n'cholembedwa mosamala, koma ndi chidule basi: mtengo wa chaka chilichonse, maumboni a mboni ndi mndandanda wa zovala kawirikawiri mulibe. Choncho musaike mawu a chidule m'kamwa mwa wodandaula wa 1843. Lembani kuti mukutchula chidule cha DLAS. Chachiwiri, madandaulo a makhoti a county ndi osankhidwa, si onse omwe analipo, ndipo makhoti ena mapepala awo anapsa kalekale. Chigawo chikaoneka ndi madandaulo ambiri, mwina kungoti makalaliki ake ankasunga bwino.

Pa za netiweki, masamba a madandaulo ndi mawu okhaokha, ndipo amatseguka ngakhale pa foni netiweki ikamakoka. Zithunzi za zikalata ndi zomwe zimadya bandulo, komanso zolemba pamanja sizingawerengeke bwino pa sikirini ya foni. Sakani pa foni, lembani manambala, kenako zithunzizo mukatsitse pa laputopu pomwe pali Wi-Fi, n'kuzisunga kuti magetsi akazima ntchito isaime. Chithunzi chilichonse chipatseni dzina la county, buku ndi tsamba nthawi yomweyo. Mukachedwa, pakatha sabata simudziwanso kuti n'cha kuti. Pa tebulo lanu, mtundu wa chikalata ukhale ndi danga lakelake, tsiku losainira ndi tsiku lolembetsa akhale padera, ndipo dzina la munthu likopereni ndendende mmene lalembedwera musanaliwongole.

Aphunzitsi a Fomu 3 ndi 4, werengani chikalata kaye musanachionetse ana. Mawu otchulira anthu akuda m'mapepalawa ndi achipongwe, ndipo zidziwitso za othawa zimafotokoza zipsera za zikwapu ngati zizindikiro zodziwira munthu.

Nanga za kwathu kuno?

Mu DLAS simupezamo Jumbe wa ku Nkhotakota kapena Mlozi wa ku Karonga, amene asilikali a Harry Johnston anamugonjetsa ndi kumupachika mu Disembala 1895. Anthu a m'mbali mwa nyanja yathu ankaolotsedwa pa madau, n'kuyenda wapansi kupita ku Kilwa, kenako Zanzibar ndi kupitirira. David Livingstone analemba zomwe anauzidwa ndi kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, kuti akapolo 19,000 ochokera dera la Nyasa ankadutsa pa kasitomu ya pachilumbapo chaka chilichonse. Imeneyo ndi nambala ya msonkho, yopanda mayina. Kumtunda kuno kunalibe ofesi yolembetsa malonda. Munthu ankasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Nsalu yotchuka ija ya merikani inkalukidwa m'mafakitale a ku Massachusetts ndi thonje lolimidwa ndi akapolo a kummwera kwa America, omwewo a m'mapepala a DLAS. Ulusi wolumikiza nkhani ziwirizi ndi umenewo, ndipo ndi mutu wabwino wa kafukufuku wa chaka chomaliza.

Kubwereketsa kunalikonso ku gombe la kummawa. Ku Zanzibar ndi ku Mombasa akapolo ankagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku ngati vibarua, ena ngati mahamali onyamula katundu padoko, ena ngati amisiri, n'kumapereka gawo la malipiro kwa mbuye. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma lamulo linasiya kuvomereza ukapolo pachilumbapo mu 1897, ndiye mchitidwewu unapitirira zaka zambiri msika utatsekedwa. Salimini, amene anathandiza mmishonale Johannes Rebmann kusonkhanitsa mawu a Chinyanja kuyambira 1853 kufupi ndi Mombasa, anali kapolo wochokera m'chigawo chapakati cha dziko lathu lino. Dzina lake tikulidziwa chifukwa choti anakumana ndi munthu wolemba.

Wofuna zikalata zoyandikira kwathu ayesere malo ena aulere. Qatar Digital Library ili ndi mafayilo a maofesi a Britain a ku Gulf (dera la Qatar ndi mayiko oyandikana nayo), momwe muli maumboni a akapolo opempha ufulu m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ambiri mwa iwo ochokera kummawa kwa Africa kapena ana awo, ndipo ena akufotokoza mmene ankatumizidwira kukamira m'nyanja kufuna ngale mbuye n'kumalandira malipiro. Kumeneko mumaona pepala lenileni, ndipo wolankhula ndi kapoloyo, ngakhale kudzera mwa womasulira. Legacies of British Slavery ya University College London ili ndi mayina a eni omwe anagawana mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi pambuyo pa lamulo la 1833, kuphatikizapo a ku Mauritius ndi ku Cape, komwe kunali akapolo ambiri ochokera ku Mozambique. Mu SlaveVoyages sankhani dera la Southeast Africa kuti muone zombo zonyamuka ku Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil, komwenso kunali akapolo odzifunira okha ganyu otchedwa escravos de ganho. Livingstone Online ili ndi makalata ndi zolemba za Livingstone mwiniwake.

Za kumpoto kuno, za Bandawe komwe mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 ndi za nkhondo ya ku Karonga ya 1887 mpaka 1889, zambiri zikadali pa pepala ku National Archives ku Zomba ndi ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Musanakwere basi ya ku Zomba, lembani mndandanda wa zaka, malo ndi mayina a mafumu omwe mukufuna, ndipo pofufuza gwiritsani ntchito kalembedwe ka azungu a nthawiyo. Nkhotakota muipeza pa Kota Kota.